NG'OMA PANJA, ZIKWAMA M'KATI: MBIRI YA SENEGAL M'CHIYAMBI CHA FILIMU YA XALA

Olemba mbiri amakonda masiku. Akafuna kufotokoza m'mene dziko la Senegal linalandirira ufulu wodzilamulira, amatiuza kuti pa 4 April 1960 panasainidwa pangano ndi boma la France, kuti pa 20 June chaka chomwecho chitaganya cha Mali, m'mene munali Senegal ndi Soudan, chinayamba kudzilamulira, ndi kuti pa 20 August chitaganyacho chinasweka, Senegal n'kuima payokha. Mwezi wotsatira Léopold Sédar Senghor anasankhidwa kukhala pulezidenti. Zonsezi n'zoona, koma sizitiuza chimene chinatuluka m'dzikomo ndi chimene chinatsala. Funso limeneli analiyankha ndi munthu amene sanali wolemba mbiri, Ousmane Sembène, ndipo analiyankha ndi kamera, m'mphindi zoyambirira za filimu yake yotchedwa Xala, imene inatuluka mu 1975. M'nkhani ino ndifuna kuti tione mphindi zimenezi pang'onopang'ono, pakuti m'menemo muli mbiri ya zaka 15 yofinyidwa ngati madzi a m'nsalu.

Tiyambe ndi mwini filimu. Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance, kum'mwera kwa Senegal. Bambo wake anali msodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Anagwirapo ntchito yomanga nyumba, analowa usilikali wa Afalansa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenaka anakakhala wonyamula katundu padoko la Marseille. Kumeneko ndiko anaphunzira za mabungwe a antchito ndi kuyamba kulemba mabuku m'Chifalansa. Buku lake lodziwika kwambiri, Les bouts de bois de Dieu, la mu 1960, limasimba za kunyanyala ntchito kwa anthu a panjanji ya Dakar-Niger mu 1947 ndi 1948. Koma atabwerera kwawo anaona kuti anthu amene ankawalemberawo, ambiri a iwo, sankatha kuwerenga Chifalansa. Motero anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu. Mu 1963 anatulutsa Borom Sarret, mu 1966 La Noire de..., ndipo mu 1968 Mandabi, imene anthu ake amalankhula Chiwolofu. Iye ankati kanema ndi sukulu ya madzulo ya anthu wamba. Tikamaona chiyambi cha Xala tizikumbukira zimenezi: anachikonza kuti ngakhale munthu wosamva liwu limodzi la Chifalansa amvetse chimene chikuchitika.

Xala ndi liwu la Chiwolofu. Limatanthauza tsoka la mwamuna amene mphamvu zake za m'nyumba zamangidwa, amene kuno tikanati wagwa mu mpapaya. Nkhani yake, imene Sembène anayamba wailemba ngati buku mu 1973, ndi ya munthu wamalonda wa ku Dakar, El Hadji Abdou Kader Bèye, amene akutenga mkazi wachitatu, koma usiku wa ukwati womwewo akupezeka kuti sangathe kanthu. Komabe filimu siyamba ndi El Hadji. Siyamba ndi ukwati. Imayamba ndi nyumba, ndiponso ndi khomo la nyumbayo.

Choyamba kumveka ndi ng'oma. Tikuona oyimba ng'oma, ovina, ndi khamu la anthu osangalala kunja kwa nyumba yaikulu ya bungwe la amalonda, imene pa Chifalansa amati Chambre de Commerce. Kagulu ka amuna ovala mikanjo ndi zovala zina za kwawo kakukwera masitepe, n'kulowa m'chipinda m'mene muli Azungu. Amunawa akutola zinthu za m'chipindamo: chiboliboli choyera cha mutu ndi mapewa a mkazi, jombo za asilikali, zipewa za asilikali. Akuzitulutsa n'kuziika pamasitepe, pamaso pa khamu lija. Azungu nawonso akutulutsidwa. Nthawi yonseyi tikumva mawu a mtsogoleri akulankhula m'Chifalansa, kunena kuti nthawi yakwana yoti eni dziko atenge chuma chawo m'manja mwawo, ndi kuti njira imene asankha ndi sosholizimu ya Chiafirika.

Tione kaye zinthu zitatu zotulutsidwazo, chifukwa Sembène sanazitole mwangozi. Chiboliboli chija ndi cha Marianne, mkazi amene Afalansa amamugwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha boma lawo lopanda mfumu. Chifanizo chake chimapezeka m'nyumba za makhonsolo m'dziko lonse la France. Ku Senegal chinali ndi tanthauzo lapadera, pakuti anthu obadwira m'matauni anayi a Saint-Louis, Gorée, Rufisque ndi Dakar anali ndi ufulu wovota umene anzawo a kumidzi analibe, ndipo mu 1914 anasankha Blaise Diagne kukawaimira m'nyumba ya malamulo ku Paris. Marianne tsono ndi lonjezo: mverani, phunzirani chilankhulo chathu, tsiku lina mudzakhala ngati ife. Jombo ndi zipewa ndi mbali ina ya lonjezo lomwelo. Gulu la asilikali akuda lotchedwa Tirailleurs sénégalais linayambitsidwa mu 1857, nthawi ya bwanamkubwa Louis Faidherbe, ndipo linamenyera France nkhondo zonse ziwiri za dziko lonse. Pa 1 December 1944, pamsasa wa Thiaroye pafupi ndi Dakar, asilikali ena a gululi amene ankafunsa malipiro awo anawomberedwa ndi ankhondo a France omwewo. Munthu wa ku Dakar woonera filimu mu 1975 sankafunika kuuzidwa tanthauzo la jombo.

Koma taonani m'mene zinthuzi zikutulukira. Palibe chimene chikuswedwa. Palibe chimene chikutenthedwa. Zikuikidwa pamasitepe monga m'mene munthu amaikira katundu wa mlendo amene akunyamuka, ndipo Azungu akuzitola n'kupita nazo. Apa Sembène akunena zoona za mbiri. Ufulu wa Senegal sunabwere ndi nkhondo monga wa Algeria. Mu September 1958, pamene Charles de Gaulle anafunsa maiko a atsamunda ake kuti avote ngati akufuna kukhalabe paubale ndi France, Guinea ya Sékou Touré inakana, koma Senegal inavomera. Ufulu wa 1960 unadza mwa kukambirana ndi kusainirana mapepala. Chimene chithunzichi chikuwonjezera ndi funso la mtengo. Chiboliboli, jombo ndi chipewa ndi zinthu zoti munthu mmodzi anganyamule m'manja. Mwini wake akazitaya sasauka. Mtsamunda analola kutaya zimene zinali zopepuka.

Tsopano tifike pa luso loyamba, limene ndi kusiyanitsa khutu ndi diso. Mawu a mtsogoleri aja timawamva pamwamba pa zithunzi, monga m'mene timamvera wailesi uku tikuyang'ana zina. Poyamba mawu ndi zithunzi zikugwirizana: mawu akuti tikutenga zathu, manja akutulutsa za eni. Koma zithunzi zikamapitirira, mawuwo akusanduka mboni yotsutsa eni ake. Sembène sakutsutsa ndi mawu ena. Sanaike munthu woti aimirire n'kunena kuti atsogoleriwa akunama. Wangolola kuti lonjezo likhale m'khutu mwathu pamene diso likuona zosiyana nalo. Chifalansa chenichenicho ndi mbali ya nkhani. Anthu ovina panjawo chilankhulo chawo ndi Chiwolofu, koma ufulu wawo ukulengezedwa m'chilankhulo cha munthu amene akupirikitsidwayo. Ku Senegal Chifalansa chinatsala chilankhulo cha boma, ngakhale kuti anthu ambiri amamvana m'Chiwolofu.

Luso lachiwiri ndi kudula. Tikawaonanso amuna aja, mikanjo palibe. Ali m'masuti, akhala mozungulira tebulo lomwe lija panali Azungu. Sitikuwaona akuvula kapena kuvala. Chithunzi china chatha, china chayamba, ndipo pakati pa ziwirizi anthu asintha. Wopanga filimu wina akanatha kutionetsa miyezi ndi zaka, mayesero ndi kugonja pang'onopang'ono. Sembène wachotsa zonsezo, ndipo pochotsapo wanena mfundo yowawa: panalibe kulimbana kulikonse mumtima mwa anthuwa. Mkanjo unali chovala cha panja, chovalira khamu. Suti inali ikudikira m'kati. Frantz Fanon, m'buku lake Les damnés de la terre la mu 1961, anachenjeza kuti kagulu ka ophunzira ndi amalonda a m'maiko ongomasuka kumene kadzangolowa m'mipando ya Azungu n'kukhala amkhalapakati a makampani akunja. Fanon anafunika mutu wathunthu wa buku kuti anene zimenezi. Sembène anangolumikiza zithunzi ziwiri.

Kenaka Azungu aja akubwerera. Ulendo uno palibe ng'oma yowalandira. Anyamula zikwama zam'manja, ndipo akuika chikwama chimodzi patsogolo pa munthu aliyense wokhala patebulo. Apa kamera, imene panja inaima patali kuti itionetse khamu, yasendera pafupi. Tikuona manja akutsegula, tikuona ndalama zamapepala zodzaza, tikuona nkhope zikumwetulira, chikwama n'kutsekedwanso. Palibe wofunsa kuti ndalamazi n'zachiyani. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo Sembène wagawa phokoso ndi bata mwanzeru yomweyo: zotuluka zatuluka ndi ng'oma pamaso pa onse, zolowa zalowa mwakachetechete m'chipinda chotseka. Khamu laona Marianne. Chikwama silinachione. Wachiona ndi ife oonera filimu, ndipo kuyambira pamenepo tikudziwa chimene anthu ovinawo sakudziwa.

Chikwamachi chili ndi mbiri yake. Ndalama ya Senegal ndi franc CFA, imene France inakhazikitsa mu 1945 kuti izigwira ntchito m'maiko a atsamunda ake. Ufulu utabwera ndalamayi inatsala, yomangiriridwa ku ndalama ya France: pa nthawi ya filimuyi ma franc CFA 50 ankasinthidwa ndi franc imodzi ya France, ndipo zinakhala choncho mpaka 1994. Chuma cha dzikolo chinali pa mtedza. Alimi ankalima, koma malonda aakulu ogula ndi kugulitsa kunja anamangidwa ndi makampani a Afalansa monga CFAO, SCOA ndi Maurel et Prom, ndipo mafuta a mtedza ankayengedwa ndi makampani monga Lesieur. Utsogoleri wa bungwe la amalonda la ku Dakar unakhalabe m'manja mwa Afalansa mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene amalonda a Chisenegal anayamba kudandaula poyera kuti ufulu wawapitirira. Boma linawamvera, mipando inasinthidwa, ngongole za kubanki zinatsegulidwa kwa eni dziko. Choncho chiyambi cha Xala chili ndi nkhope ziwiri. Ndi fanizo la 1960, komanso ndi chithunzi cha chinthu chimene chinachitikadi m'nyumba yeniyeni ya ku Dakar zaka zochepa filimu isanapangidwe. Funso la Sembène ndi lakuti: amalonda atsopanowa ankapanga chiyani? Fakitale analibe. Ankagula katundu wa kunja n'kumugulitsanso. Chikwama cholandira ndicho chinali chuma chawo chonse.

Luso lachitatu ndi kaimikidwe ka anthu m'chithunzi. Mmodzi wa Azungu obwererawo, wotchedwa Dupont-Durand, sakhala pampando. Amaima pafupi ndi pulezidenti wa bungwe, chakumbuyo, salankhula zambiri, amaoneka waulemu ngati wantchito. Dzina lake ndi maina awiri ofala kwambiri ku France olumikizidwa pamodzi, kusonyeza kuti si munthu mmodzi koma mtundu wa anthu. Amenewa ndi alangizi a Chifalansa amene anatsala m'maofesi a boma ufulu utabwera. Kamera ikamayang'ana pulezidenti, Mzunguyu amapezeka m'chithunzi chomwecho. Wokhala ndiye akulankhula, koma woimayo ndiye wabweretsa zikwama. Mtsamunda waphunzira kuti mpando ndi wolemetsa: wokhalapo ndiye amatukwanidwa mitengo ya zinthu ikakwera. Ndi bwino kuima kumbuyo. Ndipo jombo zija sizinapite kutali. Asilikali a France anakhalabe ndi misasa ku Dakar chitapita chaka cha ufulu, ndipo msasa wotsiriza unaperekedwa kwa boma la Senegal mu July 2025, patatha zaka 65.

Nanga khamu lija? Apolisi akuda akubwera n'kulikankhira kutali ndi nyumba. Anthu amene ng'oma zawo zinaperekeza atsogoleri pokwera masitepe tsopano asanduka chisokonezo chofunika kuchotsa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masitepe amene anali njira asanduka malire: ali pamwamba ali m'kati, ali pansi ali kunja. Apanso chithunzi chikutsata mbiri. Mu December 1962 Senghor anasemphana ndi nduna yaikulu Mamadou Dia, amene ankafuna kuti malonda a mtedza achoke m'manja mwa amkhalapakati apite ku magulu a alimi. Dia anamangidwa ndipo anatuluka mu 1974. Kuyambira 1966 mpaka 1974 chipani cha Senghor chinalibe chotsutsana nacho chololedwa ndi lamulo. Mu May 1968 ophunzira a pa yunivesite ya Dakar ananyanyala, antchito anawatsatira, ndipo boma linatumiza asilikali ndi apolisi pasukulupo. Wapolisi wokankha ovina m'filimuyi anali munthu amene oonera ankamudziwa.

Ng'oma zenizenizo n'zofunika kuziganizira. Senghor anali mlakatuli wamkulu, mmodzi wa oyambitsa ganizo la Négritude, lonyadira chikhalidwe cha anthu akuda, ndipo mu April 1966 anachititsa ku Dakar chikondwerero chachikulu cha luso la anthu akuda a dziko lonse. Sembène sankadana ndi ng'oma. Chimene ankakana ndi chikhalidwe chosandutsidwa chokongoletsera, chotulutsidwa pa tsiku la mwambo n'kubwezedwa mwambo ukatha. M'chiyambi cha Xala ng'oma zili ndi ntchito imodzi: kuvomereza. Ntchitoyo ikatha, oyimba akupirikitsidwa. Chikhalidwe chatsala panja pamodzi ndi eni ake, ndipo m'kati mwalowa suti, Chifalansa ndi chikwama.

Pokhapokha zonsezi zitachitika ndi pamene tikumva za ukwati. Pulezidenti akulengeza kuti mnzawo El Hadji akutenga mkazi wachitatu, ndipo onse akunyamuka pa mdipiti wa galimoto za Mercedes, apolisi a njinga zamoto ali patsogolo. Ntchito yoyamba ya bungwe lomasuka ndi phwando. Mwa njira imeneyi Sembène wamanga nthenda ya munthu mmodzi ku nthenda ya gulu lonse, kotero kuti El Hadji akadzalephera usiku uja, woonera adziwiretu kuti wolepherayo si iye yekha. Zonse zotsatira zikuchokera m'mphindi zoyambazi. Galimoto ya El Hadji ikutsukidwa ndi madzi a m'botolo a Evian ochokera ku France, pamene kumidzi kuli chilala chimene chinasautsa chigawo cha Sahel kuyambira 1968 mpaka 1974. Mwana wake wamkazi, Rama, akumuyankha m'Chiwolofu iye akamalankhula Chifalansa. Anthu opemphapempha ndi olumala okhala pafupi ndi sitolo yake akuchotsedwa ndi apolisi, monga m'mene ovina anachotsedwera. El Hadji akagwa pa malonda, anzake akumuchotsa m'bungwe, ndipo malo ake akutengedwa ndi Thieli, mbala imene tinaiona ikubera munthu wakumudzi ndalama. Munthu wasintha, mpando ndi womwewo. Pamapeto, opirikitsidwa aja ndiwo akulowa m'nyumba ya El Hadji osaitanidwa. Filimu imene inayamba ndi osauka akukankhidwira kunja ikutha osauka ali m'kati.

Umboni woti chiyambichi chinalasa pamtima ndi zimene boma linachita. Filimuyi inapangidwa mothandizana ndi kampani ya boma ya mafilimu, Société Nationale de Cinématographie, koma isanaonetsedwe ku Senegal oyang'anira mafilimu anadulamo zigawo zingapo, ndipo china mwa izo chinali cha kutulutsidwa kwa Marianne. Sembène anagawira anthu timapepala tofotokoza zimene zinadulidwa. Apa pali chodabwitsa choyenera kuchilingalira. Dziko limene linali litadzilamulira zaka 15 linaopa kuonetsa anthu ake chiboliboli cha mtsamunda chikuikidwa panja. Podula chigawocho, odulawo anavomereza mfundo ya filimu kuposa m'mene wotsutsa aliyense akanachitira: Dupont-Durand anali akuimabe kumbuyo kwa mpando.

Komabe wophunzira mbiri sayenera kumeza fanizo ngati kuti ndi mbiri yonse. Sembène ankaseka, ndipo woseka amakulitsa mphuno kuti nkhope idziwike msanga. Si wamalonda aliyense wa ku Dakar amene anali mbala, ndipo dziko losauka lodalira mbewu imodzi silikanatha kudula maubale onse tsiku limodzi. Guinea imene inakana mu 1958 inalangidwa ndi France koopsa, ndipo ulamuliro wa Sékou Touré unadzaza ndende. Senghor yemweyo analola chipani cha Abdoulaye Wade mu 1974, natula pansi udindo mwa kufuna kwake kumapeto kwa 1980, chinthu chosowa mu Afirika wa nthawi imeneyo. Filimu inadulidwa, koma inaonetsedwa, ndipo mwini wake sanamangidwe, ngakhale kuti filimu yake yotsatira, Ceddo ya mu 1977, inaletsedwa kwa zaka zingapo. Zonsezi ziyenera kuikidwa pasikelo. Koma sizifafaniza funso la chikwama. Franc CFA ikugwirabe ntchito ku Senegal, yomangiriridwa ku euro kuyambira 1999, ndipo anthu akukanganabe za iyo.

Kwa ife amene tikuphunzira kulemba, phunziro lili m'kachitidwe. Sembène, amene anamwalira ku Dakar mu June 2007, anali ndi mfundo yaikulu ya ndale ndi chuma, koma sanaipereke kwa munthu woti ailalikire. Anafunsa kuti: kodi mfundoyi ingagwidwe ndi manja? Anapeza jombo, chiboliboli, suti, chikwama, masitepe ndi khomo. Kamera yake sivina, sizungulira, sidzionetsera. Imaima patali pofuna kuwerenga anthu, imasendera pafupi pofuna kuwerenga ndalama, ndipo imadula pamalo pamene bodza labisala. Msodzi wa ku Casamance ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya Dakar akanatha kukhala pa benchi limodzi n'kumva chinthu chimodzi. Tikamawerenga za tsiku lililonse limene mbendera ina inatsika ina n'kukwera, tizifunsa mafunso amene mphindi zimenezi zatiphunzitsa: chatuluka n'chiyani, chalowa n'chiyani, ndipo ndani watsala pansi pa masitepe.